Nsangalabwi za mumtsinje wa Fraser: chisa cha nsomba chimene malole amatuta

Kumayambiriro kwa chaka cha 2006, anthu okumba miyala mumtsinje wa Fraser ku Canada anafuna kufika pa mulu waukulu wa nsangalabwi umene unali pakati pa madzi, pamalo otchedwa Big Bar, kufupi ndi tawuni ya Chilliwack. Pakati pa gombe ndi muluwo pankadutsa nthambi ya mtsinje. Kuti malole aoloke, iwo anathira miyala ndi dothi m'nthambimo n'kupanga msewu wongoyembekezera. Madzi ambiri anatsekeka. Kumunsi kwa msewuwo madzi anaphwa, ndipo pansi pamene panali pomira panakhala pamtunda.

Wodutsa pagombe sakanaona chachilendo: miyala youma basi. Koma pansi pa miyalayo panali tiana ta nsomba za pink salmon timene tinali titangoswedwa kumene, tikudikira nyengo yotulukira. Mu 2009, ofesi ya mkulu wolondoloza za chuma cha boma la Canada inalemba kuti nsomba zimene zinafa pamenepo zikhoza kufika 2.25 miliyoni. Palibe amene anathira mankhwala m'madzi, palibe amene anaponya ukonde. Unali msewu waufupi chabe wa malole.

Kuti munthu amvetse mmene zimenezi zinachitikira, ayenera kuyamba wasiya kuona nsangalabwi ngati miyala yakufa.

Fraser ndi mtsinje wotalika pafupifupi makilomita 1,375. Umachokera kumapiri a Rocky n'kukathira m'nyanja ya Pacific pa mzinda wa Vancouver, m'chigawo cha British Columbia, ndipo pa thunthu lake lonse palibe damu. Kumtunda umathamanga m'zigwembe zopanikizika, ukugubuduza miyala yothyoka m'mapiri. Ukafika pa tawuni ya Hope umatulukira m'chigwa chotakasuka, mphamvu n'kuyamba kuchepa. Mtsinje wotopa umatula katundu wake, ndipo umayamba ndi wolemera. N'chifukwa chake kuchokera ku Hope kukafika ku Mission, mtunda wa makilomita pafupifupi 80, mtsinjewu ndi wodzaza milu ya nsangalabwi, tizilumba ndi nthambi zolukanalukana. Kupitirira Mission, pansi pake pamakhala mchenga wokhawokha. Anthu oteteza chilengedwe kumeneko amatcha chigawo cha nsangalabwichi kuti mtima wa Fraser, ndipo eni dziko akale a m'chigwachi, a Stó:lō, dzina lawo lenilenilo limatanthauza mtsinje.

Mitundu isanu ya salmon ya m'nyanja ya Pacific imadutsa kapena kukulira m'chigawo chimenechi: pink, chum, chinook, sockeye ndi coho. Ya pink ndiyo imaswana mochuluka pomwepo. Moyo wake ndi wa zaka ziwiri ndendende, ndipo mu Fraser imabwera mwaunyinji m'zaka zosagawika pawiri, monga 2005, 2007 ndi 2009. Ikachoka kunyanja n'kukwera mtsinje cha mu Seputembala ndi Okutobala, yaikazi imasankha malo amene madzi akuyenda bwino pamwamba pa nsangalabwi. Imagona chammbali n'kumakupiza mchira mwamphamvu mpaka miyala itasuntha, kadzenje n'kupangika. Imaikira mazira m'menemo, yaimuna n'kuthira mbewu yake, kenako yaikaziyo imasunthira kumtunda pang'ono n'kukumbanso, miyala yochoka apo n'kukwirira mazira aja. Ikamaliza imafa. Palibe kholo lotsala loti lifungatire kapena kulondera. Ntchito yonse ya ulezi imatsalira miyala.

Ndipo miyalayo imaigwiradi ntchitoyo. Nsangalabwi zikaunjikana sizigwirana ngati dothi. Pakati pake pamatsala timipata. Madzi a mumtsinje sayenda pamwamba pokha, ena amalowa pansi n'kumadutsa m'timipatamo, kubweretsa mpweya wa okosijeni ku mazira ndi kuchotsa zonyansa. Mazira amakhala choncho nyengo yonse yozizira. Akaswa, tiana sitituluka msanga. Timakhala m'timipata momwemo kwa milungu ingapo, tili ndi kathumba ka chakudya pamimba, mpaka kathumbako katatha. Cha mu Malichi ndi Epulo m'pamene timabowoleza kutuluka n'kutsetsereka ndi madzi kupita kunyanja. Tiana timene tinafa pa Big Bar tinali ta makolo amene anaswana mu 2005. Tinatsala pang'ono kutuluka.

Apa pali chinthu chowawa. Okumba miyala sangalowe mumtsinje madzi ali odzaza. Fraser imadzaza mu Meyi ndi Juni chipale chikamasungunuka m'mapiri, ndipo imaphwa kwambiri m'miyezi yozizira. Ndiye nthawi yabwino kwa zikatapila ndi malole ndi ya Januwale mpaka pakati pa Malichi, milu ya nsangalabwi ikaonekera. Imeneyi ndi nthawi yomweyo imene mazira ndi tiana tili pansi, tosatha kuthawa.

Okumba amayankha kuti iwo sakhudza madzi. Amapala pamwamba pa mulu wouma, pamene nthawi imeneyo palibe nsomba ngakhale imodzi. Poyamba yankholi limamveka lanzeru. Koma mulu umene uli wouma mu Febuluwale umakhala womira mu Juni, ndipo nthawi imeneyo ndi malo a mtengo wapatali. Madzi akadzaza, pakati pa mtsinje pamakhala liwiro loti kansomba kotalika ngati chala sikangalimbane nalo. Tiana ta chinook ndi nsomba zina timathawira pamwamba pa milu italiitali, pamene madzi ndi osaya ndiponso odekha, n'kumadya pomwepo. Mukapala muluwo n'kuutsitsa mita imodzi kapena awiri, madzi odzaza amadutsapo akuya ndi aliwiro. Pothawira paja patha. Palibe mtembo wa nsomba umene ungaoneke woti wina aujambule, koma chiwerengero cha zobwerera zaka zotsatira chimakhala chitadulidwa.

Palinso nkhani ya chikopa cha mulu. Madzi akamayenda pa mulu wa nsangalabwi kwa zaka, amakokolola mchenga ndi timiyala tating'ono ta pamwamba n'kusiya miyala ikuluikulu yoyalana bwino, yotchinga zapansi. Chikatapila chikachotsa miyala yapamwambayo, chimavundukula mchenga ndi matope. Madzi akakwera amazitenga n'kukazitula kumunsi, m'timipata muja. Timipata tikatsekeka, madzi salowanso, ndipo mazira amabanika. Ngakhale kamwana kataswedwa, kamapeza denga lomatika ngati pathiridwa simenti. Matope amapha mwakachetechete kuposa chikatapila chenichenicho.

M'timipata momwemo mumakhalanso chakudya. Mukatola mwala mumtsinje woyera n'kuutembenuza, mumapeza tizilombo tomatirira kunsi kwake, tina tili m'tinyumba ta mchenga timene tamanga tokha. Ndi mphutsi za tizilombo touluka timene timayamba moyo wake m'madzi, ndipo ndiyo ndiwo ya tiana ta nsomba. Lole ikanyamula miyala imanyamulira kumodzi nkhokwe imeneyi.

Nsomba ina imene imadetsa nkhawa akatswiri ndi white sturgeon, chinsomba chokhala ngati cha m'nthano. Chimatha kupitirira mamita atatu, ndipo chimakhala ndi moyo zaka zoposa 100. Chachikazi chimatenga zaka zambiri, kawirikawiri zoposa 20, chisanayambe kuikira, ndipo sichiikira chaka chilichonse. Mazira ake ndi onanda. Amamatirira pamiyala m'nthambi za mtsinje nthawi ya madzi odzaza, ndipo tiana timabisala m'timipata. Kuyambira 1994, woweza sturgeon kumunsi kwa Fraser amayenera kuibwezera m'madzi. Koma kubwezera kholo m'madzi kuli ndi phindu lanji ngati pamene limaikira pakunyamulidwa pa lole? Nsomba ya zaka ziwiri ngati pink imatha kuchira msanga ikapeza zaka zabwino. Ya zaka 100 ikayamba kuchepa, anthu amadzazindikira mochedwa, chifukwa zikuluzikulu zimapitiriza kuoneka pamene zing'onozing'ono zinasiya kale kubwera.

Zonsezi ndi za pamalo pokumbidwa ndi pafupi pake. Chovuta kumvetsa, chimenenso ndimaona kuti ndicho chachikulu, ndi choti bala la mtsinje limayenda.

Mtsinje uli ngati munthu wa mtolo pamutu amene wazolowera kulemera kwake. Mphamvu za madzi zimathera pa kugubuduza miyala. Mukakumba dzenje pansi pa mtsinje, miyala yochokera kumtunda imagwera m'dzenjemo n'kukhala. Madzi otuluka kumunsi kwa dzenjelo amakhala opanda mtolo koma mphamvu akadali nazo, ndiye amayamba kudya pansi ndi m'magombe kuti apeze wina. Katswiri wa za mitsinje wa ku yunivesite ya California ku Berkeley, G. Mathias Kondolf, anafalitsa dzina la madzi otere mu 1997: anati ndi madzi anjala. Kumtunda kwa dzenje nako kumachitika zina. Mlomo wa dzenje umakhala ngati kamathithi, madzi amathamanga pamenepo n'kumauguga, ndipo mlomowo umabwerera chammbuyo pang'onopang'ono, kukwera mtsinje. Aliyense amene anaonapo chigwembe chikukula m'munda amadziwa zimenezi: chimayambira kumunsi n'kumadya cholowera kumtunda. Motero dzenje limodzi limatha kutsitsa pansi pa mtsinje mtunda wa makilomita angapo mbali zonse ziwiri.

Pansi pa mtsinje pakatsika, nthambi za m'mbali zimatsala m'mwamba, madzi osafikako. Madzi a pansi pa nthaka m'madimba oyandikana nawo amatsika, zitsime n'kuphwa, mitengo ya m'gombe n'kuuma. Kenako zimafika pa milatho. Ku France, mtsinje wa Loire unakumbidwa kwambiri pomanganso dziko nkhondo yachiwiri itatha, pansi pake n'kutsika, ndipo pa 9 Epulo 1978 mbali ya mlatho wakale wa Wilson mumzinda wa Tours inagwa. Pofika 1994 dziko la France linaletsa kukumba mchenga ndi miyala m'kati mwa mitsinje yake. Ku Portugal, pa 4 Malichi 2001, mlatho wa Hintze Ribeiro pa mtsinje wa Douro unagwa usiku basi ndi magalimoto atatu zili pamwamba, anthu 59 n'kufa, ndipo kukumba mchenga kwa zaka zambiri kunali m'gulu la zifukwa zimene ofufuza anatchula. Nsomba zimayamba kumva ululu kale kwambiri, koma maboma amadzidzimuka mlatho ukagwa.

Nanga ngati zonsezi zikudziwika, n'chifukwa chiyani boma la British Columbia linalola kukumba mu Fraser? Yankho lake si dyera lokha, ndipo si chilungamo kunena ngati kuti ndi choncho. Chigwa cha Fraser ndi cha minda yachonde, makola a ng'ombe zamkaka ndi matawuni a anthu ambiri. Anthuwo amakumbukira. Mu 1894 kunasefukira madzi ochuluka kuposa ena onse olembedwa m'mbiri ya mtsinjewo. Mu 1948 anasefukiranso, anthu pafupifupi 16,000 n'kusamutsidwa, nyumba zikwizikwi n'kuwonongeka. Kuchokera apo anamanga zipupa zazitali zotchinga madzi m'mbali mwa mtsinje. Zipupazo zinapanikiza mtsinje, n'kuulanda madambo ndi nthambi zambiri zimene kale unkatayiramo miyala yake. Tsono miyala imene ikubwerabe kuchokera kumapiri imaunjikana m'kati mwa zipupa. Mlimi amene nyumba yake ili kuseri kwa chipupa amaona mulu ukukula chaka ndi chaka, ndipo maganizo ake ndi osavuta kumva: pansi pakakwera, madzi akwera, tsiku lina adzadumpha chipupa. Chotsani miyala. Midzi ina ya eni dziko ilinso kunja kwa zipupazo, ndipo imaona nthaka yake ikudyedwa ndi mtsinje, kotero ngakhale pakati pa anthu odalira salmon nkhaniyi simveka mofanana.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthambi ya boma lalikulu la Canada yoona za nsomba inaimitsa kukumbaku. Mu 2004 boma lalikulu ndi la chigawo anagwirizana zoyambiranso, kwa zaka zisanu, ndipo analola kuchotsa mpaka makiyubiki mita 500,000 pachaka m'zaka zoyambirira. Ngati lole ya tipa imanyamula makiyubiki mita 10, amenewa ndi maulendo 50,000 pachaka. Koma Michael Church wa ku yunivesite ya British Columbia, amene wathera zaka zambiri akuyeza mtsinjewu, ndi anzake anapeza kuti nsangalabwi zolowa m'chigawochi pachaka, mukaphatikiza zaka zambiri, zili pakati pa makiyubiki mita 200,000 ndi 300,000. Ndiye kuti chilolezocho chinaposa zimene mtsinje umabweretsa. Nkhokwe yotapidwa motero imatha, ngakhale ikhale yaikulu bwanji.

Funso lenileni linali loti kodi kukumbako kumatsitsadi madzi osefukira. Lipoti la 2009 lija linanena kuti kafukufuku wa mainjiniya pamalo angapo anasonyeza kuti msinkhu wa madzi osefukira sunatsike miyala itachotsedwa. Chifukwa chake n'chosavuta munthu akaganizira kukula kwa Fraser. Madzi ake akadzaza ndi ochuluka koopsa, ndipo kupala mulu umodzi apa, wina apo, kuli ngati kutapa supuni ya ufa m'thumba la makilogalamu 50 n'kumayembekezera kuti lipepuka. Kuti madzi atsike mooneka, pangafunike kukumba mtunda wautali mozama ndi mobwerezabwereza, ndipo pamenepo ndiye kuti chisa chonse cha nsomba chapita. Otsutsa, monga Marvin Rosenau, katswiri wa nsomba amene ankaphunzitsa pa sukulu ya ukachenjede ya BCIT ndipo anafuula kwambiri za Big Bar, ankafunsanso kuti bwanji malo osankhidwa kukumba nthawi zambiri amakhala ofikirika bwino ndi malole. Miyalayo sitayidwa. Imagulitsidwa, ndipo Vancouver ndi mzinda womanga usana ndi usiku.

Apa m'pamene pagona nkhani. Nsangalabwi za mumtsinje ndi zokoma kwa womanga. Madzi anazitsuka kale, anazisankha kale, zofooka zinaphwanyika kale panjira. Sizifuna kuphulitsa thanthwe kapena chigayo cha miyala ngati kwale. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP, limati dziko lonse limagwiritsa ntchito mchenga ndi miyala yokwana matani pafupifupi 50 biliyoni pachaka, ndipo palibe chinthu china chotengedwa m'chilengedwe chochuluka choncho kupatula madzi. Pamene pali msika wotere, mawu oti "tikuteteza anthu ku madzi osefukira" amafunika kuwayeza ndi chingwe, malo ndi malo. Alipo malo ochepa amene mulu ukukankhira madzi molunjika pachipupa, ndipo pamenepo kukumba kungakhale ndi chifukwa. Koma njira zimene zimatetezadi anthu ndi zodula ndiponso zosakoma kwa andale: kukweza zipupa, kuzisunthira kutali kuti mtsinje upeze malo, kuleka kumanga m'chigwa. Madzi saiwala khwawa, ndipo kugula munda wa munthu kuti ubwerere kwa mtsinje kumadya ndalama, pamene kukumba kumabweretsa ndalama.

Wowerenga wa kunyanja ya Malawi mwina wayamba kale kuganiza za mpasa, ndipo sakulakwa. Azungu anaitcha salmon ya m'nyanja, ngakhale kuti pachibale ili kufupi ndi usipa ndi matemba. Anaitcha choncho chifukwa cha khalidwe lake. Mpasa imakulira m'nyanja koma siswana m'nyanja. Imakwera mitsinje monga Bua, Linthipe, Dwangwa, North Rukuru ndi Songwe, n'kukaikira mazira pamalo osaya, pa nsangalabwi zoyera, pamene madzi akuyenda. Sanjika nayo imachita chimodzimodzi. Mpasa sipezeka kwina kulikonse padziko kupatula m'nyanjayi ndi mitsinje yothiramo. Bua wakhala wofunika kwambiri kwa mpasa chifukwa mbali yake imadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, mmene magombe akadali ndi mitengo.

Chimene chapweteka mpasa kwambiri mpaka pano ndi matope ochokera m'minda ndi m'mapiri odulidwa mitengo, pamodzi ndi maukonde otchinga pamathiriro, miyono ndi katupe. Koma matopewo amapha mwa njira yomwe ija ya ku Fraser: amatseka timipata. Ndipo akuluakulu a kunyanja amakumbukira ntchira, nsomba ina yokwera mitsinje, imene m'zaka za m'ma 1950 inali m'gulu la nsomba zogwidwa kwambiri ndipo lero ambiri sanaionepo.

Tsono pamwamba pa zimenezo pakubwera njala ya mchenga ndi miyala. Aliyense wodutsa pa mtsinje wa Lilongwe, Lingadzi kapena Mudi amaona milu m'mbali mwa msewu, anyamata ali m'madzi ndi mafosholo, amayi akusenza ndowa, malole akudikira. Pamene njerwa zootcha zikuletsedwa pa zomanga zikuluzikulu pofuna kupulumutsa mitengo, mabuloko a simenti akufuna mchenga wochuluka, ndipo mchengawo ukuchokera kumtsinje. Sindingaloze chala mnyamata wa fosholo. Iye akusaka ya ufa, ndipo phindu lalikulu limapita kwa mwini lole ndi mwini nyumba. Komanso fosholo si chikatapila. Koma mafosholo mazana angapo, chaka ndi chaka, pamalo amodzi, amapanga dzenje lomwe lija, lokhala ndi mlomo wokwera kumtunda ndi madzi anjala kumunsi. Misewu ya tara ndi matawuni zikamayandikira mitsinje ya mpasa, milu ya nsangalabwi yoyandikira msewu ndiyo idzayambe kuonedwa ndi eni malole, ndipo adzaifuna m'chilimwe madzi ataphwa, tiana ta mpasa tikadali m'madzi osaya a mumtsinje.